Njira ya mapazi ya ku Lago yayamba kukopa alendo

Anthu a m'mphepete mwa nyanja ya Niassa, m'boma la Lago, amaseka chamumtima akaona mlendo atabereka chikwama, thukuta lili kamukamu, akukwera phiri popanda choti akagule kapena kukagulitsa. Munthuyo wawononga ndalama zambiri kuti afike ku Metangula, galimoto waisiya, ndipo chimene akufuna n'kuyenda pansi basi. Njira imene iye akuijambula zithunzi ndi yomweyo imene amayi amaponda atasenza dengu la usipa wouma, ndi yomweyonso imene abale amadzera atanyamula wodwala pa machira kuthamangira naye ku chipatala.

Chimene chimakoka alendowa ndi mmene dziko la kunoli linakhalira. Mzinda wa Lichinga uli pamtunda, mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Niassa ili pa mamita pafupifupi 470 okha. Choncho munthu wochoka ku Lichinga amangotsika, ndipo akamayandikira Metangula mphepo yozizira ija imatha, m'malo mwa mitengo ya paini amayamba kuona milambe. Kumpoto kwa Metangula mapiri amatsetsereka mpaka kukamira m'madzi. N'chifukwa chake msewu wa ku Cobué unalambalala, unadzera m'kati kumtunda, ndipo midzi yambiri ya kugombe inatsala ikudalira bwato ndi phazi. Mwera ukauka m'miyezi ya Juni ndi Julayi, msodzi wanzeru amakokera bwato kumtunda, ndiye phazi limatsala lokha.

Munthu wamphamvu zake amayenda kuchokera ku Metangula kufika ku Cobué masiku awiri kapena atatu, motsata gombe. Poyamba njira ndi yosavuta. Amadutsa mchenga wa ku Chuanga, kenaka amafika ku Messumba, kumene kuli mishoni yakale ya Angilikani m'chigwa cha mtsinje wa Lunho. Akapitirira, kulowera ku Chia ndi ku Ngoo, ndiye mawondo amayamba kulankhula. Pali malo ena pamene thanthwe latsekereza gombe, moti woyenda amakwera chitunda n'kutsikira tsidya lina, kenaka n'kukweranso china. Koma akaima pamwamba kupuma, nyanja yonse imaoneka pansi pake, madzi ali mbee moti miyala ya pansi imawerengeka, nkhwazi ikulira pamutu. Tsiku lina amaona chinthu chakuda ngati utsi chitaima pakati pa nyanja. Mlendo amayesa kuti sitima ikupsa. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti ndi nkhungu.

Pafupi ndi midzi ya Mbueca ndi Mala pali mchenga umene umalira munthu akauponda, ndipo eni dziko anautcha Mchenga Nkwichi. Dzina limeneli ndilo linatengedwa ndi nyumba yogona alendo imene inamangidwa pamalopo. Kumbuyo kwake kuli nkhalango ya Manda, ya mahekitala pafupifupi 120,000, imene midzi ya kumeneko inagwirizana kuisunga kudzera m'bungwe lao la Umoji. Ndi nkhalango ya miombo ndi misuku, ya anyani ndi apusi, ndipo njira zina zimakwera kuchoka kugombe kulowa m'menemo.

Njirazi sizinayambe ndi alendo a makamera. M'zaka za m'ma 1800 zombo zochokera ku Nkhotakota zinkaolotsa akapolo ndi minyanga kudzakocheza ku gombe la kum'mawa lino, ndipo kuchoka pano anthu ogwidwawo ankayendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa. M'chaka cha 1882 wansembe William Percival Johnson anafika kunyanja kuno, nakhala zaka zoposa 40 akuzungulira midzi ya m'gombe, pena pa sitima pena pansi, mpaka pamene anamwalira ku Liuli, m'dziko la Tanzania, mu 1928. Mu Sepitembala 1964 ankhondo a Frelimo anathira nkhondo boma la Apwitikizi ku Cobué, ndipo Metangula, imene panthawiyo inkatchedwa Augusto Cardoso, inali malo a asilikali a pamadzi. Mabanja ambiri anathawa kudzera m'njira zomwezi, ena kuolokera ku Likoma, ena kulowera ku Tanzania. Anathawanso kachiwiri pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Dziko la Mozambique linalengeza mu 2015 kuti malo onse odziwika a mabomba okwirira anayeretsedwa, komabe nkhalamba zimene zinaona nkhondo sizikonda kupatuka m'njira popanda chifukwa, ndipo palibe woziimba mlandu.

Nanga eni njira akupindula chiyani? Apa ndiye pali nkhani. Mlendo woyenda pansi amasiyana ndi wa pa galimoto, amene amangodutsa n'kusiya fumbi. Woyenda pansi amafuna womulondolera, womunyamulira katundu, malo ogona, madzi, nsima ya kondowole ndi ndiwo za utaka. Ndalama yake imatha kutsala m'mudzi uliwonse umene wagonamo. Koma zimenezi sizichitika zokha. Ngati womulondolera wachokera naye kutali, zakudya zonse anagula ku Lichinga, ndipo usiku akhoma hema pa mchenga osaonekera kwa amfumu, mudzi umatsala ndi zitini ndi mapepala okha. Midzi imene ili m'njira ikadachita bwino kukhala pansi n'kugwirizana mtengo umodzi wa womulondolera pa tsiku ndi wa malo ogona, kuti anyamata asamalandane mlendo pomatsitsirana mtengo, komanso kuti mlendoyo asamve ngati akuberedwa.

Kulondolera si kungodziwa njira. Mnyamata wogwira ntchitoyi ayenera kudziwa pamene pali manda ndi nkhalango za makolo, kuti mlendo asalowemo ndi kamera. Ayenera kumuuza kuti munthu sajambulidwa asanapemphedwe, ndiponso kuti malo osambira amayi amawalambalala kapena kuodira ali patali. Pa mathiriro a mitsinje pamakhala ng'ona, ndipo m'madzi odikha a m'mabango ndi mmene mumakhala nkhono za likodzo, choncho posamba amasankha ndi mwini dziko. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha, kusanatenthe. Mu Okutobala ndi Novembala miyala imaotcha ngati phale, ndipo ulendo umayenera kuyamba tambala atangolira. Nkhani ina yosakoma kuinena ndi ya ana amene amathawa sukulu n'kumatsatira alendo kupempha ndalama. Mlendo amene ali ndi mtima wothandiza aperekezedwe kwa aphunzitsi kapena kwa amfumu.

Mdani wamkulu wa njirazi ndi moto. Chaka chilichonse m'chilimwe mapiri amayaka, ena posaka nyama, ena pokonza minda, ena mwadala chabe. Moto wa mochedwa, udzu utauma gwa, umapha mitengo ing'onoing'ono ndi kusiya nthaka pamtunda. Mvula yoyamba ikagwa, madzi amatsata njira ya mapazi chifukwa ndiyo yoterera, n'kuisandutsa ngalande. Dothi lonselo limakathera m'nyanja, kumene limakwirira miyala imene nsomba za mbuna zimadyapo ndere, n'kudetsa malo oswerana nsomba zina. Boma linaika mbali ya nyanjayi ya ku Mozambique pa chitetezo mu 2011, ndipo chaka chomwecho inalembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ndi nyanja zofunika pa dziko lonse. Koma pepala la ku Maputo silizimitsa moto wa pa phiri la ku Ngoo. Wotentha phiri amalanda msodzi ndiwo, amaonongera wodwala njira ya ku chipatala, ndipo mlendo sabweranso kudzajambula phulusa.

Ulendo umathera ku Cobué, pamene chitchalitchi chachikulu cha Akatolika, chimene nkhondo inachisiya ndi zipsera, chayang'ana kunyanja. Patsogolo pomwepo pali chilumba cha Likoma, pafupi kwambiri moti usiku nyali zake zimaoneka. Chilumbachi ndi cha Malawi ngakhale chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo alendo ambiri amafuna kuolokerako kukaona tchalitchi cha Petro Woyera chimene anayamba kumanga mu 1903. Mwini bwato asathamangire ndalama. Ayambe waperekeza mlendoyo ku ofesi ya za malire ku Cobué kuti pasipoti yake idindidwe, chifukwa akagwidwa tsidya linalo opanda chidindo, mlandu umagwera onse awiri.