Mfuti ya Zipinda Zisanu ndi Chimodzi: Kusankha Volovolo ya Mpikisano

Kwa ife amene tidakula tikudziwa mfuti ngati chida cha mlenje, cha msilikali kapena cha mlonda wa pa banki, n'chinthu chovuta kuchimvetsa poyamba kuti kuli mayiko kumene anthu wamba, aphunzitsi, alimi, anamwino ndi nkhalamba zopuma pa ntchito, amalawirira m'mamawa Loweruka, nanyamula timfuti tawo ta m'manja m'zikwama zokhoma, napita ku bwalo lozingidwa ndi mitumbira ya dothi kukapikisana pa kulasa makatoni, monga momwe anzawo apitira ku mpira kapena ku bawo. Masewerawa ali ndi malamulo ake, oweruza ake ndi akatswiri ake, ndipo mkati mwake muli kagulu kochepa, kouma khosi pang'ono, kamene kamakana mfuti zamakono nikakangamira volovolo, mfuti ija ya gudumu lozungulira imene Samuel Colt adalembetsa ku boma la America m'chaka cha 1836.

Chiyambi cha mipikisano yotereyi sichili kutali kwenikweni. M'chaka cha 1976, mu mzinda wa Columbia m'chigawo cha Missouri, akatswiri a mfuti ochokera m'mayiko angapo adakhazikitsa bungwe la IPSC, mtsogoleri wawo woyamba ali Jeff Cooper. Ndipo chaka chotsatira mpikisano wa dziko lonse udachitikira ku Salisbury, mzinda uja umene agogo athu ambiri adakakhalako matchona, lero Harare, ndipo adapambana ndi woimira dziko lomwelo, Dave Westerhout. Koma popita kwa zaka mfuti za m'bungwelo zidayamba kumera nyanga, zina magalasi pamwamba, zina mabowo kukamwa kuti zisadzuke poomba, mpaka zidasanduka zida zodula zimene palibe munthu wanzeru angayende nazo m'chiuno. Ataona zimenezi, Bill Wilson, Ken Hackathorn, Larry Vickers ndi anzawo adayambitsa International Defensive Pistol Association, mwachidule IDPA, m'chaka cha 1996 ku Arkansas, cholinga chawo chili chakuti munthu azipikisana ndi mfuti wamba, yosolola m'chimake wamba, yobisika pansi pa jekete kapena malaya, monga aiyendetsera munthu wololedwa ndi boma kudziteteza nayo. Abale athu okhala ku South Africa angathe kukaonerera masewerawa kumeneko, pansi pa bungwe la SADPA.

Pa bwalo zimayenda motere. Woweruza amaima kumbuyo kwa wopikisana, kamakina kowerenga nthawi kali m'manja; kamakinako kakalira, munthu amakankha jekete, nasolola mfuti, nayamba kulasa zandamale za katoni, pena atabisala kuseri kwa khoma, pena atagwada, pena akuyenda, osakhudza makatoni ena oimira anthu osalakwa. Wopambana ndi amene watha nthawi yochepa, koma chipolopolo chilichonse chophonya bwalo la pakati, limene kukula kwake ndi mainchesi 8, chimamuwonjezera sekondi imodzi, masekondi atatu kapena asanu, kotero kuti wopupuluma amadzikumbira yekha dzenje. Gawo limodzi la mpikisano silifuna zipolopolo zoposa 18.

Nambala imeneyi ndiyo mutu wa nkhani yonse. Mwini mfuti yamakono, imene zipolopolo zake zimakhala m'magazini, amangothothola magazini yotha nalowetsa ina, m'kuphethira kwa diso. Koma mwini volovolo ali ndi zipinda zisanu ndi chimodzi zokha, ndipo kuti akwanitse 18 ayenera kutsegula silinda, gudumu lija, kukhuthula makoko, kudzazanso ndi kutseka kawiri konse, poyesa kuti sadaphonye ngakhale kamodzi. N'chifukwa chake a volovolo amapikisana okhaokha m'gawo lawo, pakuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. N'chifukwa chakenso ine ndimati wosankha volovolo asayambe wafunsa za kukongola kwake kapena kugunda kwa liwu lake, koma afunse ziwiri: kodi imakhethemuka bwanji, ndipo imadzazidwa msanga motani?

Asanafike ngakhale pamenepo, atsegule buku la malamulo la chaka chimenecho, pakuti limakonzedwa kawirikawiri, ndipo safunsa adadya phula. Monga malamulo akhalira zaka zapitazi, mpope wa volovolo suyenera kupitirira mainchesi 4.25, amene ali ngati masentimita 11. Choncho munthu amene wakopeka ndi mfuti ya mpope wa mainchesi 6, yokoma ndithu polasira patali, adzabwezedwa pakhomo ndalama zake zitapita kale. Msampha wina ndi wa zipinda zochuluka. Smith & Wesson amapanga mfuti yotchedwa 686 Plus ya zipinda zisanu ndi ziwiri, ndipo wogula amayesa kuti wapindula; koma lamulo limalola kudzaza zisanu ndi chimodzi basi, ndipo chipinda chopanda kanthucho chimasanduka mtolo, popeza nthawi iliyonse potseka silinda ayenera kusamala kuti chaima pati.

Akadutsa apo, njira imagawikana pawiri. Njira yoyamba ndi ya chipangizo chotchedwa speedloader, kachikho kogwira zipolopolo zisanu ndi chimodzi mozungulira, kamene munthu amalozetsa pa silinda nakamasula. Ka HKS amachita kupotokola kamutu, ka Safariland amangokankha, ndipo opikisana ambiri amakonda kokankhako. Njira yachiwiri ndi ya moon clip, kachitsulo kopyapyala kooneka ngati nyenyezi, kamene kamalowa m'silinda pamodzi ndi zipolopolo zake nikatulukanso ndi makoko onse nthawi imodzi. Nzeru imeneyi idabadwa m'mavuto a nkhondo: m'chaka cha 1917 asilikali a America adapereweredwa mfuti zamakono, ndipo Colt ndi Smith & Wesson adawapangira mfuti za volovolo zoombera zipolopolo za .45 ACP, zimene zilibe mkombero wokolera m'chipinda, nazimanga zitatuzitatu pa tizitsulo tonga mwezi wokhala theka. Kufulumira kwa njirayi adakuonetsa Jerry Miculek m'chaka cha 1999, pamene adaomba kasanu ndi kamodzi, nadzazanso, naombanso kasanu ndi kamodzi, zonsezi m'masekondi 2.99, ndi mfuti ya Smith & Wesson 625.

Komatu kufulumirako kuli ndi msonkho wake. Kuti wina asabwere ndi zipolopolo za wonga wochepa zimene sizikankha dzanja, oweruza amayeza mphamvu ya chipolopolo, nachulukitsa kulemera kwake ndi liwiro lake, nagawa ndi 1,000. Chipolopolo cha .38 Special cholemera magireni 158, amene ali ngati magalamu 10, chikamathamanga mafiti 700 pa sekondi chimapereka 110.6, ndipo wa speedloader amangofunika kufika 105. Wa moon clip amafunika kufika 155, ndiye kuti mfuti yake imadzuka kwambiri pa kuomba kulikonse, zipolopolo zake n'zodula, ndipo nthawi imene wapulumutsa podzaza angathe kuitayanso pobwezera mpope pa chandamale. Kuwonjezera apo tizitsulo tija timapindika tikapondedwa, ndipo kopindika kamamanga silinda pakati pa mpikisano. Kwa wongoyamba, ine ndimaona kuti njira yoyamba ndiyo ya chifundo.

Tsono tifike pa dzanja, pamene nkhaniyi imakoma. Volovolo ya mpikisano siiombedwa monga achitira m'mafilimu a abusa a ng'ombe, kuyamba wakoka kanyundo ndi chala chachikulu; nthawi yochitira zimenezo palibe. Chala chamkombaphala chokha ndicho chimagwira ntchito yonse, kuzunguza silinda, kukweza kanyundo ndi kukagwetsa, pa kukoka kumodzi kwakutali kolemera ngati makilogalamu asanu, pamene mfuti yonseyo siiposa kwenikweni kilogalamu imodzi. Ndipo ngati chalacho chili chachifupi kotero kuti chingofika nsonga yokha pa chokhethemulira, munthu adzapotoza mfuti pa kukoka kulikonse, zipolopolo zake zidzapita kumbali, ndipo adzanamizira mpope umene ulibe mlandu. Smith & Wesson amasiyanitsa matupi a mfuti zawo ndi zilembo. Thupi la K ndi locheperapo, la Model 10 imene idayamba mu 1899 ndi Model 19 ndi 66. Thupi la L, la 586 ndi 686, lidabwera kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, lolemererapo kutsogolo koma chogwirira chake n'chofanana ndi cha K. Thupi la N, la 625 ija, ndi lalikulu, la anthu a zikhatho zotambasuka. Ruger GP100, imene idatuluka mu 1985, ili mu msinkhu wa L, ndipo imadziwika ndi kulimba ngati khasu la kumudzi. Davide adavula zovala za nkhondo za Sauli, osati chifukwa zinali zoipa, pakuti zinali za mfumu, koma chifukwa sadazizolowere. Momwemonso mfuti ya Miculek ndi ya dzanja la Miculek.

Nanga Colt Python, imene idayamba mu 1955 niibwereranso pa msika mu 2020? Ndi yokongola, palibe wotsutsa, ndipo ilipo ya mpope wololedwa. Koma kabatani kake kotsegulira silinda amachita kukokera kumbuyo, pamene ka Smith & Wesson amakankhira kutsogolo ndi chala chachikulu, ka Ruger amadinikizira mkati, ndipo ambiri amaona kuti kukokako kumachedwetsa; mtengo wakenso ndi wokwera kuposa zinzake. Wofuna kuisunga m'bokosi la velveti aigule.

Pali tinthu tina tating'ono timene munthu amatiphunzira ndi manyazi pamaso pa anzake. Ambiri amathamangira kwa mmisiri kukafewetsa masipuling'i kuti chala chisamavutike, osadziwa kuti kanyundo kofooka kamalephera kuyatsa chipolopolo, ndipo mfuti imangoti kwee pamene imayenera kuti phuu. Chofunika ndi kukoka kosalala, kopanda mabampu, ngakhale kukhale kolemera. Mfuti ya .357 Magnum imalandira zipolopolo za .38 Special, pakuti kunenepa kwake n'kumodzi, koma khoko la .38 ndi lalifupi, ndipo limasiya mwaye m'zipinda umene umakakamiritsa makoko. Choncho kaburashi kasasowe m'chikwama. Pokhuthula makoko mpope uloze kumwamba, chifukwa kambewu kamodzi ka wonga wosapsa kakagwera pansi pa kanyenyezi kotulutsa makoko, silinda siitsekeka. Ndipo wogula mfuti yogwirapo kale ntchito, monga zambiri zimene apolisi a ku America adazisiya posamukira ku mfuti zamakono m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, apite ndi munthu wodziwa kuti akaone ngati chipinda chilichonse chikuima molunjika ndi mpope kanyundo kasanagwe.

Mukandifunsa tsono kuti munthu agule iti, sindizungulira. Atapeza chilolezo cha boma, chimene ngakhale kuno kwathu palibe wololedwa kusunga mfuti popanda icho, agule volovolo ya zipinda zisanu ndi chimodzi, ya mpope wa mainchesi 4, ya thupi la K kapena L kapena Ruger GP100, iliyonse mwa izi imene chala chake chafika bwino pa chokhethemulira, aziombera .38 Special, agule chimake cholimba chophimba chokhethemuliracho, ndi ma speedloader atatu okankha. Ndalama zotsala asungire zipolopolo ndi mphunzitsi wovomerezeka, ndipo Loweruka loyamba apite ku bwalo chimanjamanja, akaonerere kaye.