Ntchito ya Makanema Aafupi Pophunzitsa Chingerezi M'sukulu za Sekondale

Mawu Oyamba

Wophunzira wa sekondale m'dziko muno sangalandire satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. Maphunziro pafupifupi onse a kusekondale amaphunzitsidwanso m'chiyankhulo chomwechi. Komabe mwana wa kumudzi amatha kufika Fomu 4 akumva Chingerezi kuchokera pakamwa pa anthu awiri kapena atatu okha, omwe ndi aphunzitsi ake. Popeza mayeso a Chingerezi a bungwe la MANEB ndi olemba, pa maluso anayi a chiyankhulo luso la kumva ndi la kuyankhula ndiwo amatsalira.

M'nkhani ino ndifotokoza momwe makanema aafupi, a mphindi ziwiri kufikira zisanu ndi chimodzi, angachepetsere vutoli. Mfundo yanga ndi yakuti phindu la kanema lagona pa ntchito imene mphunzitsi wapatsa ophunzira kanemayo asanayambe, akuonetsedwa ndiponso atatha. Ufupi wa kanema ndi wofunika chifukwa umasiya nthawi yoti ntchitoyo ichitike.

Momwe Diso Limathandizira Khutu

Chichewa chili ndi maliwu asanu oimiridwa ndi malembo a liwu a, e, i, o ndi u. Chingerezi cha ku Britain chili ndi maliwu a mtunduwu pafupifupi 20, ngakhale kuti polemba chimadalira malembo asanu omwewa. N'chifukwa chake mwana woyankhula Chichewa amamva "ship" ndi "sheep" ngati mawu amodzi, chimodzimodzinso "full" ndi "fool". M'Chichewa l ndi r sasiyanitsa tanthauzo. Malamulo a kalembedwe amangotiuza kuti r abwere pambuyo pa i kapena e, monga m'mawu oti "kulira" ndi "kulera". Koma m'Chingerezi "play" ndi kusewera pomwe "pray" ndi kupemphera. Malembo a th, omwe ife timawatchula monga mu "thumba", m'mawu oti "think" amatchulidwa lilime litakhudza mano, ndipo ph wa mu "phone" ndi f, osati ph wa mu "phiri". Pomaliza, maphatikizo a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, motero tidasandutsa "school" kukhala sukulu ndipo "book" kukhala buku.

Kusiyana kwina mwa kumeneku kumaoneka ndi maso. Lilime la munthu wotchula "think" limaonekera, milomo ya wotchula "sheep" imatambasuka, ndipo potchula f mano a m'mwamba amakhudza mlomo wam'munsi. Mu 1976, Harry McGurk ndi John MacDonald adaonetsa kuti munthu akamamva phatikizo loti "ba" koma akuona milomo ikutchula "ga", nthawi zambiri amakhulupirira kuti wamva "da". Izi zikutanthauza kuti ubongo umaphatikiza zoona ndi zomva pozindikira mawu. Wailesi ndi buku sizingapereke thandizo limeneli.

Chithunzi chimathandizanso pa tanthauzo. Stephen Krashen, m'zaka za m'ma 1980, adaphunzitsa kuti munthu amatola chiyankhulo akamamva mawu omwe angawamvetse, ongopitirira pang'ono pa zomwe akudziwa kale. Wophunzira amene sadziwa mawu oti "bargain" akaona mayi akunenerera mtengo wa tomato, nkhope ikukana, kenaka wogulitsa n'kuwonjezera kamulu, tanthauzo amalipeza popanda kumasuliridwa.

Chifukwa Chake Akhale Wamfupi

Achinyamata ambiri amaonera kale mafilimu m'nyumba zoonetsera kanema za pamisika, ena a ku Nigeria, ena omasuliridwa m'Chichewa. Kukadakhala kuti kuonera pakokha kumaphunzitsa, bwenzi Chingerezi chawo chili patali. Munthu akamaonera filimu ya maola awiri amatsata nkhani, ndipo mawu amene sanawamve amangowalumpha. M'kalasi timafuna kuti mawu olumphidwawo abwerenso mpaka amveke, ndipo zimenezi zimatheka ndi kanema woti tingamubwereze katatu m'phunziro limodzi la mphindi 40.

Mu 2014, Philip Guo ndi anzake adasanthula maulendo 6.9 miliyoni omwe anthu adaonera makanema a maphunziro a pa intaneti a edX. Adapeza kuti nthawi imene ambiri ankakhala akuonera sinkapitirira mphindi zisanu ndi chimodzi, ngakhale kanemayo atakhala wautali. Anthuwo adali ophunzira paokha, osati ana a m'kalasi, komabe phunziro lake likutikhudza: chidwi chili ndi malire, ndipo mphunzitsi wanzeru amaimitsa kanema ophunzira akadafunabe.

Chitsanzo cha Phunziro la Mphindi 40

Ndasankha kanema wa William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Iyeyu atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002, adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14, motengera zithunzi za m'buku lomwe adalipeza mulaibulale. Mu 2007 adafunsidwa mafunso ndi Chris Anderson pa msonkhano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania, ndipo kanema wake ndi wa mphindi pafupifupi zinayi. Mafunso ndi mayankho ake ndi aafupi, ndipo zithunzi za makinawo zimaonetsedwa. Mphunzitsi wa Fomu 2 angatengepo chigawo cha mphindi ziwiri, n'kukonza phunziro motere.

Mphindi zisanu zoyamba n'zokonzekera. Mphunzitsi afunse zomwe ophunzira akudziwa za magetsi a njinga, ndipo alembe pabolodi mawu osapitirira asanu, monga "windmill", "electricity" ndi "library". Mawu akachuluka, phunziro limasanduka la mtanthauziramawu.

Mphindi zisanu ndi chimodzi zotsatira, aonetse kanema atatseka mawu. Ophunzira awiriawiri akambirane: Anthuwa ndi ndani? Ali kuti? Wofunsa ndi uti? Akuganiza kuti akufunsa chiyani? Pochita izi amayamba kufukula okha Chingerezi chomwe ali nacho, ndipo amakhala ndi chifukwa chomvetsera.

Kenaka, kwa mphindi zisanu ndi ziwiri, aonetse ndi mawu, atalemba kale mafunso atatu pabolodi, monga lofunsa zaka zomwe Kamkwamba adali nazo ndi lofunsa komwe adapeza nzeruyo. Mafunso ayenera kubwera kanema asanayambe. Akabwera pambuyo, timakhala tikuyesa chikumbumtima cha mwana pa zomwe waona m'malo moyesa kumva kwake.

Ulendo wachitatu, wa mphindi zisanu ndi chimodzi, ndi woimitsaimitsa. Pa funso lililonse la Anderson mphunzitsi aimitse, ophunzira alibwereze ndi kulilemba, kenaka aone momwe funso la Chingerezi limamangidwira komanso aneni a nthawi yakale omwe ali m'mayankho. Apa ndipo malamulo a chiyankhulo amalowera, akuchokera m'mawu omwe ana angowamva.

Mphindi khumi zotsatira n'zoyankhula: wina akhale mtolankhani, wina akhale wachinyamata amene wapanga chinthu chothandiza mudzi wake. Merrill Swain, atafufuza ana ophunzira m'Chifalansa ku Canada, adanena mu 1985 kuti kumva kokha sikukwanira. Wophunzira amazindikira chomwe chikumusowa pamene akuyesa kuyankhula kapena kulemba. Mphindi zisanu ndi chimodzi zomaliza aliyense alembe ndime imodzi yofotokoza zomwe waona, ndipo ndimeyo ikhoza kukula kukhala chimangirizo cha kunyumba. Pa mphindi 40 zonsezi, kanema wadya zosakwana khumi.

Kanemayu ali ndi phindu linanso. Mu 2007 Kamkwamba ankayankhula Chingerezi movutikira, koma omvera ake adamumva ndi kumuombera m'manja. Mu 2009 adayankhulanso pa msonkhano wa TED ku Oxford, ulendo uno ataima yekha kwa mphindi pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Kuonetsa makanema awiriwa m'masabata otsatizana kungachotse manyazi mwa mwana amene amaopa kusekedwa akaphonya katchulidwe.

Njira Zina

Makanema osayankhula kwambiri, monga a Mr Bean omwe Rowan Atkinson adayamba kuonetsa mu 1990, amathandiza pa njira yofulatira. Theka la kalasi lifulatire kanema, theka lina lifotokoze m'Chingerezi zomwe zikuchitika, kenaka asinthane. Wofulatirayo alibe kwina kopeza nkhani, choncho amakakamiza mnzake kuti amveke.

Pa mawu olembedwa m'munsi mwa kanema, Robert Vanderplank adaonetsa mu 1988 kuti ophunzira Chingerezi ochokera m'maiko ena ankapindula poonera mapologalamu a BBC okhala ndi mawu otere a Chingerezi. Ine ndikuona kuti ndi bwino kuwayatsa pa ulendo wachitatu. Akayatsidwa poyambirira, ana athu, omwe adazolowera kuwerenga kuposa kumva, amangowerenga, khutu n'kugona.

Zovuta ndi Momwe Tingazichepetsere

Vuto loyamba ndi magetsi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ankaunikira magetsi, ndipo sukulu zambiri za kumudzi zili m'mavuto omwewa. Apanso ufupi umatipulumutsa. Kanema wa mphindi ziwiri amatengedwa pa intaneti kamodzi ndi bandulo yochepa, amasungidwa mu foni kapena laputopu, ndipo batire yotchajidwa ndi sola imakwanira makalasi angapo. Aphunzitsi a sukulu zoyandikana angagawirane makanema popanda intaneti.

Vuto lachiwiri ndi kukula kwa makalasi. Ana 80 sangaonere pa foni imodzi. Pomwe palibe pulojekita, mphunzitsi agawe kalasi m'magulu, gulu limodzi lizionera pamene ena akuchita ntchito yolemba, kapena gulu lililonse lione chigawo chake kenaka akalumikize nkhani pamodzi. Ngati ndalama zilipo zochepa, choyamba kugula ndi sipika, chifukwa mawu osamveka kumbuyo kwa kalasi amapha phunziro lonse.

Vuto lachitatu ndi kasankhidwe. Mphunzitsi ayambe waonera yekha kanema yense, aone ngati ali woyenera msinkhu wa ana ndi chikhalidwe chathu, ndiponso ngati akugwirizana ndi mutu wa mu silabasi. Asankhe oyankhula osiyanasiyana: a ku Britain, America, Kenya, South Africa ndi a kuno kwathu, pakuti Chingerezi chimene ana adzakumane nacho pa ntchito sichidzakhala cha mtundu umodzi. Angathenso kujambula yekha pa foni ophunzira a Fomu 4 akuchita sewero lalifupi la kuchipatala kapena kubanki, atapempha chilolezo kwa iwo, makolo awo ndi mphunzitsi wamkulu.

Mawu Omaliza

Ndafotokoza kuti kanema wamfupi amaonetsa katchulidwe, amapereka tanthauzo kudzera m'zithunzi, ndipo amabwerezedwa mosavuta m'phunziro limodzi. Ndaonetsanso kuti nthawi yambiri ya phunziro lotere iyenera kuthera pa kukambirana, kuyankhula ndi kulemba. Pempho langa kwa anzanga amene tidzaime patsogolo pa kalasi ndi lakuti tisanayatse kanema aliyense tizidzifunsa kuti ophunzira akhala akuchita chiyani pamene akuonera, nanga adzanena kapena kulemba chiyani akatha. Ngati mayankho a mafunso awiriwa palibe, kuli bwino tsiku limenelo tiphunzitse ndi choko. Kwa aphunzitsi athu a m'makoleji, ndikupempha kuti luso losankha ndi kugawa makanema lilowe m'maphunziro a kaphunzitsidwe ka chiyankhulo, kuti wophunzira aliyense wopita kukayeserera kuphunzitsa azinyamuka ndi maphunziro awiri kapena atatu okonzedwa kale motere.