Nsima Ikakana Kutsika

Ife a m'minda ya tiyi ya ku Thyolo tidziwa kuti mvula ikagwa mu December masamba achuruka, ndipo wothyola safuna kutaya ngakhale tsiku limodzi, pakuti malipiro ache atsata kulemera kwa dengu. Koma iripo nthenda yosalindira kutha kwa dzinja, ndiyo khansa ya kum'mero, imene iphuka m'njira yotsikira chakudya kunka m'mimba. Malawi ali m'gulu la maiko amene nthendayi ichuruka koposa pa dziko lonse lapansi.

Chiyambi chache nchofatsa. Munthu aona kuti nyama kapena mbamu ya nsima iima pa chifuwa, naikankha ndi madzi. Patapita masabata asiya nsima nayamba phala. Pambuyo pache phala lomwe likana, kenaka madzi, potsiriza ndi malovu omwe. Thupi liwonda, zobvala zikhwepa. Ambiri afika ku chipatala pamene madzi akana, chotupa chitatseka njira ndi kufalikira kwina. Pamenepo madokotala akhoza kuikamo kampope kachitsulo kotsegula njira kuti wodwala amezenso, ndi kumpatsa mankhwala oletsa ululu. Koma kampopeko sikachiza nthenda.

Chifukwa chache tinena, tsiku loyenera ulendo ndi lija nsima yayamba kuima. Pitani ku chipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Malamulo, ndipo musangoti "m'mimba mundiwawa". Nenani poyera kuti chakudya sichitsika, ndi kuti chinayamba liti. Pemphani kalata yonka nayo ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene alowetsa kachingwe kokhala ndi nyali kum'mero, naona chotupa ndi maso, natapako kanyama kokayesa. Chikapezeka chiri chaching'ono, ukhalapo mwai wa opaleshoni ndi mankhwala ena. Chitani chomwecho mukasanza magazi, kapena chimbudzi chikada bii, pakuti khansa ya m'mimba nayo idza ndi zizindikiro zotere.

Tisataye miyezi ndi kufunafuna amene watilodza, ngakhale kumwa zitsamba kufikira mphamvu zitatha. Zimene ziputa nthendayi zina tizidziwa: fodya, kachasu, ndi zakumwa zotentha kwambiri. M'chaka cha 2016 akatswiri a khansa a bungwe la WHO anachenjeza za chakumwa chotentha kupitirira madigiri 65. Tsono tiyi wathu ndi phala tizilindira zizizireko tisanamwe.

Inu amai, ndinu muyamba kuona bambo akusiya nsima m'mbale, musakhale chete. Inu ankhoswe ndi anansi, sonkhani ya basi. Kupempha kapitao masiku awiri kutaitsa madengu owerengeka, koma kuzengereza kufikira April kukhoza kusiya ana amasiye.