Mwana Akamakomoka Kapena Kugwa Ngati Wakhunyu

Amayi, mwana amene wakomoka kapena kuphiriphitha kunyumba, kawirikawiri pofika naye ku chipatala amakhala atatsitsimuka, mwinanso akusewera. Adokotala sanaone chimene chachitika. Munaona ndinu, ndipo kufufuza matendawo kumayambira pa mawu anu.

Si kugwa konse kumene kuli khunyu. Ana a miyezi 6 kufikira zaka 5 amatha kuphiriphitha thupi likatentha kwambiri, ndipo kwathu kuno choyamba kuchiganizira ndi malungo. Matenda oumitsa khosi ndi kuchepa kwa shuga m'magazi nazonso zimagwetsa mwana. Alipo ana ena amene akalira kwambiri amabanika, nakomoka kanthawi kochepa. Ena mwa otere amapezeka ndi magazi ochepa. Koma amene wakomoka ali mkati mothamanga ayenera kupimidwa mtima.

Tsono ngakhale mantha akugwireni, penyetsetsani. Kodi thupi linali lotentha? Asanagwe amachita chiyani, ndipo anali atadya? Anauma thupi lonse, kapena imagwedezeka ndi mbali imodzi yokha? Atatsitsimuka anakuzindikirani msanga, kapena anagona tulo tofa nato? Lembani tsiku ndi kutalika kwa nthawi pa kapepala, musunge m'buku lake la sikelo. Ngati alipo wina ali ndi foni, ajambule kanema. Zimenezi zimathandiza adokotala koposa kufotokoza kwa pakamwa.

Pamene wagwa, mchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, mum'goneke chammbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musam'mwetse kanthu, ndipo musam'panikize. Thovu la m'kamwa mwake silipatsira munthu khunyu, choncho musaope kum'gwira. Ngati ndi koyamba, ngati thupi latentha, kapena zapitirira mphindi 5, thamangirani naye ku chipatala, ungakhale usiku.

Kumeneko adzamuyeza magazi, ndipo mwina ulendo woyamba sadzapeza kanthu. Apa ndi pamene amayi ambiri amatayira mtima, nayamba kuganiza zoti mwana walodzedwa. Musatope. Khunyu kawirikawiri amalitsimikiza mwana akagwa kawiri kapena kuposa popanda kutentha thupi, motero akagwanso bwererani naye pamodzi ndi kapepala kaja. Zikapitirira, pemphani kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu cha m'boma lanu. Akapezeka ndi khunyu, mankhwala ake alipo, akumwa tsiku ndi tsiku, ndipo sasiyidwa popanda mawu a adokotala.