Kukwera Mapiri a ku Maravia

Dzina ndi Malire

Boma la Maravia lili m'chigawo cha Tete. Kumpoto lachita malire ndi Zambia, kumadzulo ndi Zumbo, kum'mawa ndi Chifunde, ndipo kumwera kuli nyanja ya Cahora Bassa. Dzinali ndi la makolo athu, Amaravi.

Msewu wa ku Fingoé

Wopita ku Fingoé, likulu la bomali, amasiya phula pa Bene nalowa msewu wa miyala wolunjika ku Zumbo. Apa mpomwe dalaivala weniweni amadziwikira. Chitunda chikayandikira amaikiratu giya yaing'ono ali m'munsi, pakuti wosinthira pakati pa phiri galimoto imam'bwerera m'mbuyo. Lole imalira ngati ng'ombe, matayala akulavula timiyala, mnyamata wake akuyenda pambali atanyamula mwala woti atsekere tayala injini ikazima. Potsika, wodalira mabuleki okha amawapsereza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo achinyamata othamangitsa njinga zamoto pa zitunda izi ayenera kumva mawu amenewa.

Koma mukatulukira pamwamba, kutopa kumatha. Malambe atsalira kuchigwa, kamphepo kayaziyazi kakuomba, mapiri andandalika mpaka kumene maso alekeza. Mvula ikayamba, mitengo ya mombo imakhala itavala masamba atsopano ndipo ana amaima m'mbali mwa msewu ndi mbale za masuku ndi bowa.

Anthu Ake

Chimene ndimakonda koposa ndi khalidwe la eni dziko, Achewa ndi Ansenga. Galimoto ikatitimira m'matope, amuna amasiya makasu kumunda nabwera ndi nkhwangwa kudzadula nthambi zoyala pansi pa matayala. Mayi amagwada popereka madzi, nati, “Pepani ndi ulendo, bambo.” Ambiri a iwo anathawira ku Zambia pa nkhondo imene inatha mu 1992, choncho amadziwa kuwawa kwa kusowa pogona. Mlendo ndi mame, amatero, ndipo samugoneka ndi njala. Mwezi wa Ogasiti ena amaoloka malire kupita ku Mkaika, ku Katete, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi.

Ife a m'tauni timadziwa misewu ya ku Johannesburg, chonsecho kwathu kuno sitinapondeko. Zimenezi n'zochititsa manyazi. Dikirani chilimwe, matope aume, mukakwere nokha, ndipo mutenge ana anu akaone kumene dzina lawo likali lamoyo.