Linux ya 700MB ndi malaputopu a kaunjika amene atitsalira m'manja

A geni anzanga, makamaka inu amene mumaoda malaputopu a kaunjika kuno ku Joni n'kukagulitsa kumudzi, nkhani ya lero ndi yanu. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Windows 11 nayo ndi yosankha. Imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko, ndiye makina ambiri amene timagula motchipa sangailandire. Nanga katundu amene watsala m'mashelefuyu, mpamba wathu uli momwemo, tichita naye chiyani?

Pali njira ina imene ndakhala ndikuyesa. M'malo mwa Windows, kompyuta itha kuyendera Linux, yomwe ndi yaulere ndipo ili ndi mitundu yambiri. Mtundu wina ndi Damn Small Linux, mwachidule DSL, umene anayambitsa munthu wina dzina lake John Andrews chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Unatchuka chifukwa cha kuchepa: wonse unali 50MB basi, moti unkakwana pa ka CD kakang'ono ngati khadi la bizinesi. Mtundu wake womaliza wokhazikika unatuluka mu 2008, kenako kunangoti zii kwa zaka zambiri.

Mu 2024 mkuluyu anaudzutsanso, koma ulendo uno malire anaika pa 700MB, kuti ukwane pa CD wamba imodzi. Kumeneku n'kukula ka 14. Sikuti analowerera ayi. Mapulogalamu a masiku ano ndi olemera, ndipo 50MB singanyamulenso chinthu choti munthu n'kugwirira ntchito. Ngakhale 700MB imeneyi anachita kupanikiza ngati mmene timapakirira chikwama pa basi ya Blantyre: anachotsa zilankhulo zambiri n'kusiya Chingerezi, anachotsanso malangizo ambiri olembedwa. Maziko ake anatenga pa Linux ina yopepuka yotchedwa antiX 23, yomwe nayo inamangidwa pa Debian.

Ine ndinaika DSL 2024 pa flashi n'kuyatsira laputopu yakale imene pa Windows inkachita kukwawa. Ubwino wake suyamba wafufuta kalikonse, umayesa kaye kuchokera pa flashipo. Inayaka msanga ndithu. Muli AbiWord yolembera makalata ndi ma invoice, mulinso Gnumeric yomwe imagwira ntchito ngati Excel. Gnumeric imeneyi ndi imene inandikoka mtima. Ndinalembamo katundu yense wa ulendo umodzi, mtengo wa ma rand, ya transport, ya msonkho wa pa boda, mpaka mayina a ongongola, ndipo sinavute ngakhale pang'ono. Kwa mayi wa golosale kapena mlembi wa banki m'khonde, makina oterewa ndi okwanira.

Vuto limayamba ukalowa pa intaneti. Masamba a nkhani zolembedwa amatseguka bwino, koma Facebook ndi YouTube zimadya RAM ngati dzombe m'munda. Linux yopepuka siwonjezera RAM, abale, imangosiya kuiwononga. Laputopu ya 1GB ikhalabe ya 1GB. Ndiye mwana wa sukulu akabwera kuti akufuna yoonera mavidiyo ndi kuphunzirira pa Zoom, musamugulitse imeneyi. Akubwezerani sabata isanathe, ndipo mbiri yoipa m'magulu athu a WhatsApp imathamanga kuposa basi.

Chinanso, ntchitoyi ndi yoyeserera. Inayamba kutuluka ngati alpha, kutanthauza kuti zina sizinakhazikike, kenako kunabwera mitundu ina yoyesera motsatizana. Palibe ofesi yoti ukadandaule zikavuta. Komanso DSL 2024 inapangidwira makina a 32-bit, pamene dziko likuwasiya makina amenewa. Google Chrome inasiya Linux ya 32-bit kalekale mu 2016, ndipo Debian 13 yomwe inatuluka mu August 2025 siikidwanso payokha pa makina oterowo. Maziko amene DSL yakhalapo akukalamba.

Mmene ndikuchitira ine ndi motere. Laputopu ikakhala ya 64-bit ndipo RAM yafika 4GB, ndimaikamo Linux Mint kapena Lubuntu, chifukwa maonekedwe ake savuta kwa munthu wozolowera Windows. DSL ndimasungira zakale zenizeni zija, zimene tikanangogulitsa ngati ma spare. Zimenezi ndimatsitsa mtengo, ndipo ndimamuuza kasitomala poyera kuti iyi si Windows, ndi yolembera ndi kuwerengetsera ndalama. Ena amabwerera pomwepo, ena amatenga.

Musanapakire katundu, yatsani iliyonse ndi flashi ija muone ngati Wi-Fi ndi mawu zikugwira, chifukwa pa makina ena Wi-Fi imakana pa Linux mpaka utakokera kapulogalamu kake pa intaneti. Zimenezi konzerani konkuno, osati mutawoloka kale pa Mwanza.