Nyali ikayaka pa dashibodi galimoto itangoikidwa zamagetsi

Pamsewu wa M6, wochokera pa Zalewa kukafika pachipata cha Mwanza, galimoto zing'onozing'ono monga Sienta ndi Probox ndizo zimanyamula geni ya anthu ambiri. Zimatenga apaulendo opita kumalire a Zobue, ndipo nyengo ya manachesi ikafika zimadzaza matumba opita ku Blantyre ndi Limbe. Pofuna kukopa makasitomala, eni ake amaikamo masipika amphamvu, nyali za LED, motchajira mafoni ndi kachipangizo kolondolera komwe galimoto ili. Patangopita masiku ochepa, ena amadabwa kuona nyali yachilendo itayaka pa dashibodi.

Choyamba ndi kuona mtundu wa nyaliyo. Yofiira, monga ya oilo kapena ya kutentha kwa injini, imafuna kuti dalaivala apatuke ndi kuzimitsa galimoto msanga. Yachikasu imalola kuyenda pang'onopang'ono mpaka kwa makaniko, koma ya injini ikamaphethira ndiye kuti vuto lakula.

Nyali ya batire ndiyo imavutitsa kwambiri eni masipika. Ikayaka injini ikulira, ndiye kuti alternator sakudzaza batire. Kuwerengera kwake n'kosavuta: ampulifaya yotulutsa mawati 500 pa mavoti 12 imakoka ma amp oposa 40 ikatsegulidwa mpaka kumapeto, ndipo mphamvuyo imachokera kwa alternator yemweyo amene akuyatsa nyali ndi fani. Wamagetsi a galimoto ayeze batire ndi multimeter. Injini itazima pazioneka mavoti 12.4 mpaka 12.7, ikamalira azikwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Akatsika pansi pa 13 wailesi ndi nyali zitayatsidwa, katundu wachuluka kapena alternator watopa. Magetsi ochepa amathanso kuyatsa nyali ya ABS ngakhale mabuleki ali bwinobwino.

Nyali ya airbag kawirikawiri imayaka pamene woika sipika anachotsa mpando n'kusokoneza pulagi ya pansi pake. Mawaya a airbag amakhala achikasu, ndipo sayenera kudulidwa kapena kulumikizidwa ku chinthu china. Nyaliyi ikakhala choyaka, airbag ikhoza kukana kuphulika pa ngozi.

Mababu a LED nawo ali ndi khalidwe lawo. Amadya magetsi ochepa, choncho galimoto imaganiza kuti babu lapsa ndipo indiketa imaphethira mothamanga. Izi zimatha poika flasher yoyenera LED.

Njira yotsika mtengo yopezera gwero la vuto ndi kubwerera m'mbuyo. Mwini galimoto akumbukire chomwe chinaikidwa komaliza, achimasule, kenako alize injini. Nyali ikazima, wolakwa wapezeka. Ikapanda kuzima, ayang'ane mafyuzi ndi waya wa earth, chifukwa waya womangidwa pachitsulo cha penti kapena cha dzimbiri sudutsa magetsi bwino.

Pa mafyuzi mpamene ambiri amawotchera galimoto. Mtundu wa fyuzi umasonyeza mphamvu yake: yofiira ndi ya ma amp 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Fyuzi ikapsa, ilowe m'malo ndi ya nambala yomweyo. Kukulunga kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya kumachititsa kuti waya weniweniyo atenthe mpaka kuyaka moto. Chipangizo chilichonse chowonjezera chizikhala ndi fyuzi yakeyake pafupi ndi batire.

Zonsezi zikakanika, galimoto ipite pa kompyuta. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zili ndi pulagi ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero, yotchedwa OBD, pomwe makina amawerenga nambala ya vuto. Mwini galimoto alembe nambalayo asanalole kuti ifufutidwe, chifukwa kufufuta kumangozimitsa nyali kwa kanthawi ndipo vuto limatsala. Achenjerenso ndi aliyense wofuna kuchotsa babu la pa dashibodi kapena kumatapo tepi yakuda. Wogula galimoto yogwiritsidwa kale ntchito angazindikire chinyengo chotere potembenuza kiyi osaliza injini: nyali zonse zimayenera kuyaka kaye, kenako n'kukhala zitazima zonse injini ikalira.

Kwa wamalonda, nkhaniyi imathera pa mpamba. Galimoto yofera pakati pa Mwanza ndi Zalewa itadzaza manachesi imafuna ndalama yokokera, ina yosamutsira katundu, komanso msika wa m'mawa umakhala wadutsa. N'chifukwa chake ndi bwino kugwirizana ndi wamagetsi ntchito isanayambe kuti ndalama yomaliza adzalandira galimoto ikalira dashibodi ili yoyera, ndipo asonyeze pamene waika fyuzi ya chipangizo chatsopanocho.